Nkhope Yomata

Mkazi wa katswiri wina wa zisudzo anakana mpando. Anaima kumbuyo kwa bambo wokonza filimu pa kompyuta, yemwe anzake ankamutcha Wamatsenga, chikwama chili kukhwapa, maso ali pa sikirini.

Pa sikirinipo mvula inkakhuthuka pa mlatho. Mwamuna wake anali atakumbatira chiphadzuwa chija, mtsikana wotchuka amene nkhope yake inali pa zikwangwani za sopo m'tauni monse.

Chiyambireni kujambula filimuyi, mwamuna wakeyo ankafika kunyumba akuimba mluzu. Munthu woti kusamba ankachita kumukumbutsa, tsopano anali ndi mafuta onunkhira akeake. Mayiyu sanali wogona. Anachonderera mpaka mng'ono wake anapatsidwa kaganyu pamalo ojambulirapo, n'kumunong'oneza kuti ntchito yeniyeni ndi kuyang'anira alamu akewo. Madzulo alionse yankho linali lomwelo: "Achemwali, mtima pansi. Mtsikana ameneyo sindinamuonepo atayandikana ndi alamu."

Mayiyo sanakhulupirire. N'chifukwa chake lero anabwera yekha, monamizira kudzasiya makiyi.

Zisudzo ankazidziwa. Anaonerapo mwamuna wake akufa, akukwatira, akulirira akazi a eni, iye n'kumangoseka. Koma izi ayi. Dzanja la mwamuna wakeyo linali litalowa m'tsitsi la kunkhongo kwa mtsikanayo, chala chachikulu chikusisita kuseri kwa khutu pang'onopang'ono. Zimenezo sanaphunzitsidwe ndi wotsogolera filimu. Ankamusisita choncho iyeyo ali pa chibwenzi, ndipo anasiya kalekale.

"Ali kuti mtsikanayu? Ndimupatseko moni," anatero mayiyo.

Wamatsenga anaseka. "Mayi, ameneyu kuno sanapondeko. Ali kunja kwa dziko lino. Anangomujambula nkhope ndi makamera ambirimbiri, n'kutitumizira. Bambo sanakumanepo naye ndi tsiku limodzi lomwe."

"Nanga ine ndikuona chiyani apa? Ndapenga?"

"Taonani."

Anadina batani, mvula inaleka. Anadinanso, mtsinje ndi mlatho zinazimirira, n'kutsala nsalu yobiriwira yokoledwa kukhoma ndi thabwa lokhazikidwa pa mabokosi. Mphepo imene inkauluza diresi ya mtsikanayo inali ya chokupizira chamagetsi, munthu wina atachigwira chogwada.

Wamatsenga analongosola monyadira. Kompyuta imachotsa chilichonse chobiriwira, iye n'kuikapo chimene wafuna. Koma wosewera sangakumbatire mphepo, ndiye amapeza munthu wofanana msinkhu ndi thupi ndi mwiniwake, n'kumulemba timadontho takuda kumaso. Kompyuta imatsatira timadonthoto, n'kumata nkhope inayo pamwamba.

Mayiyo anakoka mpando uja n'kukhala. Anaseka mpaka misozi, manyazi atamugwira. Miyezi yonseyi kuonda, kununkhiza malaya, kukana kuyankha moni, chifukwa cha chithunzi chabe! Anamvera chisoni mng'ono wake. Ankanena zoona, iye n'kumamuganizira kuti alamu ake anamutseka pakamwa ndi tinthu. Anatsimikiza zomugulira nsapato popita kunyumba.

Atapukuta misozi anayang'ananso. Mlatho kunalibe, mvula kunalibe, koma chala chija chinali chikusisitabe.

"Nanga khutuli ndi tsitsili?" anafunsa motsitsa mawu.

"Zimenezo sitinakhudze, n'za amene anaimirira m'malo mwakeyo." Wamatsenga ankadziwa makompyuta, koma nkhope za anthu amoyo sankatha kuziwerenga. "Ameneyu ndiye anatipepukitsira ntchito. Amagwirizana ndi bambo kwabasi. Wotsogolera amachita kukuwa kuti basi, iwo osamva n'komwe."

Anadina komaliza, nkhope ya chiphadzuwa inasendeka. Pansi pake panali ya mng'ono wake wa mayiyo, timadontho takuda tili mbwee, maso atatsinzina.