Mtengo Umene Traian Anabweretsa

Traian analowa ali wefuwefu chifukwa cha masitepe, mtengo wa Khirisimasi uli paphewa, chipale chofewa chikusungunuka pachipewa. Anauimika pakona pafupi ndi mbaula, pamene Smaranda anali atakolopa m'mawa.

"Nayu bradi wako. Ndadula ndekha."

Anamupsompsona patsaya, n'kukoleka jekete pampando, n'kupita kukasamba m'manja.

Smaranda anatsitsa bokosi la timipira tagalasi. Kukhitchini kabichi wokulunga nyama ankabwata pang'onopang'ono. Kunali kutatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ifike. Traian ankalondera nkhalango kumapiri a ku Vatra Dornei, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi sanaphonyepo kumubweretsera bradi. Ngakhale chaka chimene anasowa milungu itatu osaimba foni, mtengo unabwera ndithu.

Smaranda atatambasula dzanja kuti akoleke kampira koyamba, nthambi inamubaya.

Anaima. Bambo ake, malemu a Ilie, anali odula mitengo, ndipo anamuphunzitsa akadali kamtsikana kusiyanitsa mitengo yosayoyola masamba ali chitsinzinire. Paini savuta, masamba ake ndi ataliatali, omera awiriawiri. Bradi ndi wofewa. Kasamba kake n'kaphwatalala, kunsi kwake kuli timizere tiwiri toyera, ndipo amakhala wobiriwira m'nyumba yofunda mpaka chaka chatsopano kudutsa. Koma molidi amabaya. Kasamba kake ukakafikisa pakati pa zala kamagubuduka ngati kamtengo ka machesi. Akangokhala sabata imodzi pafupi ndi moto, wathothoka yense. Ndi amene amatsatsa pamsika kwa anthu osadziwa.

Anathothola kasamba kamodzi. Kanagubuduka.

Mlonda wa nkhalango sangasokoneze bradi ndi molidi, monga mbusa sangasokoneze nkhosa ndi mbuzi. Smaranda anacheukira jekete lija. Paphewa lamanja panali timasamba tobaya. Paphewa lamanzere, ndi m'kati mwa kolala, munali timasamba tofewa, ta timizere tiwiri toyera. Pamkono panali utomoni wosauma, ukununkhira bradi wongodulidwa kumene.

Traian anatuluka akupukuta manja.

"Wanyamula mitengo ingati lero?" anafunsa Smaranda.

"Umodzi. Bwanji?"

"Ndipo uwu ndi mtengo wanji?"

"Bradi, ndanena kale."

"Tandiyang'ana, Traian. Ukunamiza mwana wa a Ilie?"

Traian anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'njira. "Chabwino, ndi molidi. Chaka chino akhwimitsa, bradi sakulola kudula. Mtengo ndi mtengo. Ukauveka timipira adziwe ndani?"

Smaranda anatambasula chikhatho, momwe munali timasamba tofewa timene anatola pajekete. "Nanga iti?"

"Ndimagwira ntchito m'nkhalango, mayi iwe. Umafuna pajekete panga upezepo nthenga za nkhuku?"

"Utomoni wa lero uwu. Wakwera nawo masitepe a ndani usanabwere kuno?"

Traian anavala jekete, akusasa mapewa ndi dzanja.

"Ndikagule fodya. Ndikamabwera ndikupeze mtima utatsika."

Chitseko chinatsekeka. Smaranda anamvetsera mapazi akutsika mpaka pansi, kenako galimoto ikulira. Golosale ya fodya inali pafupi, yongoyenda wapansi.

Anakhala pampando, timasamba tija tili m'manja. Anakumbukira ntchito ya ku Italy imene mng'ono wake anamupezera, iye n'kuikana chifukwa Traian analira ngati mwana. Anakumbukira nkhani ya mwana, imene chaka ndi chaka Traian ankati idikire kaye zinthu zikhale bwino, mpaka tsopano Smaranda ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi. Makhirisimasi angati anadya yekha patebulo ili, mbale ya Traian itavundikiridwa? Sanadandaulepo. Ankayang'ana bradi pakonapo, wamtali, wodzaza nthambi, wosankhidwa pakati pa nkhalango yonse, n'kudziuza kuti munthu sangakusankhire mtengo wotere ngati mtima wake uli kwina.

Lero mtengo wotere wapita kwina. Ndipo Traian sanavutike n'komwe kukonza bodza labwino.

Fungo la kupserera linachokera kukhitchini. Smaranda anakazimitsa moto, n'kubwerako atatenga foni. Nambala ya mkazi winayo ankaidziwa pamtima. Anaipeza kalekale m'foni ya Traian, koma anali asanaiimbepo. Lero anaiimba.

Kunayankha mawu odekha, a munthu amene wasiya kaye ntchito ya m'manja.

"Ndine Smaranda."

"Ndakuzindikirani, mayi."

"Sindikufuna mkangano. Ndingofunsa chinthu chimodzi. Bradi uja wafika kwanuko?"

Chapatali kunkamveka wailesi ikuimba nyimbo za Khirisimasi. Kenako mayi uja anausa moyo.

"Kuno wabweretsa molidi, ngati chaka chilichonse. Ine mkazi wake wa ukwati, bradi ndinasiya kumuona chaka chimene Traian anayamba kubwera kwa inu. Ngati nanunso mwalandira wobaya, ndiye kuti kwapezeka khomo lachitatu. Mumuike kutali ndi mbaula, mayi. Amachedwako kuthothoka."