Chosefera Chatsopano M'munda wa Apongozi

Panali munthu wina woyendetsa makina okololera tirigu. Anzake ankamutcha Liwiro, chifukwa akakwera pamakinapo ngakhale madzi ankamwa makina akuyenda.

Chaka china zinamuvuta. Tirigu ankatuluka ndi mankhusu, mpaka ogula anabweza lole yathunthu ya mlimi wina amene anamukololera. Tsono munda wotsatira unali wa apongozi ake aakazi, mayi wamasiye amene chaka chonse ankadalira munda umodzi womwewo. Liwiro tulo tinamusowa.

Kushopu ya masipeya anakumana ndi bambo wina wachilendo, wokoma pakamwa. Bamboyo anamuonetsa chosefera chapamwamba, chija chimalekanitsa tirigu ndi mankhusu m'mimba mwa makina. Sichinali cha kampani imene inapanga makinawo, koma chinkakwana bwinobwino.

"Bwana, mukamanga ichi, mphepo ya fani youluza mankhusu muitsegule mpaka kumapeto," anatero. "Tirigu wake azichita ngati wotsuka."

Liwiro anagula osafunsanso. Akumanga, kunabwera mlamu wake, mwana wa mayi aja.

"Alamu, chosefera n'chabwino, sindikukana," anatero mlamuyo. "Koma chatsopano timayamba tayesa. Muyende pang'ono, mutsike, mufukule pansi pa udzu kumbuyo kwa makina. Mukapeza tirigu pansi, muchepetse mphepo."

"Mitambo iyo simukuiona? Ndizikagwada m'munda mvula ikubwera?" anayankha Liwiro.

Anatsegula mphepo mpaka kumapeto n'kulowa m'munda. Atasuzumira m'thanki yosungira tirigu anaseka yekha. Tirigu anali woyera mbee, wopanda ngakhale kankhusu kamodzi. Koma atazungulira kangapo, anayamba kukayikira. Thanki inkachedwa kudzaza. Munda wa ngala zonenepa chotere, bwanji?

Anadziwa choyenera kuchita: kuima n'kutsika basi. Koma mlamu uja anali chilili m'mphepete mwa munda, manja m'thumba. Atsike pamaso pa ameneyo? Manyazi anamugwira, ndipo kunena zoona ankaopanso zimene akanaona pansipo. Anangowonjezera liwiro.

Anamaliza mvula isanagwe. Lole imene chaka chilichonse inkadzaza, ulendo uno inangopitirira theka pang'ono. Apongozi anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, wonse ndi yemweyu?"

"Munda sunabereke chaka chino, mayi. Ngala zambiri zinali mphwepwa."

"Chabwino. Mwagwira ntchito, zikomo. Tiona mmene tidutsire."

Zikomo ameneyo anamubaya Liwiro kuposa kutukwanidwa, koma zoona sanaulule.

Mvula inagwa, nthaka inanyowa. Pasanapite nthawi apongozi anamuitanitsa, n'kumutengera kumunda. Atafika, Liwiro anaponya maso m'mundamo. Munda wonse unali mizeremizere yobiriwira, yothithikana ngati nazale, yowongoka kuchokera uku mpaka uko. Paliponse pamene makina anadutsa, pamene anakhota, ngakhale pamene anathamanga kwambiri, zonse zinkachita kuoneka. Mphepo ija inkaulutsa tirigu pamodzi ndi mankhusu.

Mayiwo anawerama, anazula kamtolo ka mbande, n'kumuika m'manja.

"Bambo, munati munda wanga sunabereke. Nanga uyu wamera apayu ndi wa yani?"



Phunziro: Thanki imangokuonetsa zimene wasunga, zimene wataya zili kumbuyo, ndipo nthaka sisunga chinsinsi. Mukamanga chipangizo chatsopano, yesani kaye, tsikani muone, ndipo mukalakwa nenani msanga. Ndafulumira anadya zosapsa. Atumizireni nkhaniyi anzanu onse ogwira ntchito ndi makina, asanalowe m'munda wa munthu.