Mfuti Yosawomba ya a Isake

Jessica anali kujambula mfutiyo ndi foni pamene phokoso linayamba kumveka chakumsika wa Nkando. A Isake, mkulu wosula makasu ndi zikwanje, anapitiriza kukoleza makala ngati sakumva.

Aka kanali kachinayi Jessica kubwera pamalo awo osulirapo. Iye ndi anzake awiri ku Blantyre ankakonza masewera a pafoni a nkhondo zamakedzana. Sankafuna zoti munthu angodina batani, mfuti zana n'kutulukira. Ankafuna kuti wosewera avutike monga ankavutikira akale: adikire amalonda ochokera ku Kilimane, akangane nawo pa minyanga ndi nsalu, wonga umunyowere ndi mvula ya m'phiri, mfuti ikathyoka asake wosula. A Isake ankazidziwa zimenezi, poti agogo awo ankakonza mfuti za gogodera ku Mozambiki asanawoloke malire. Choncho Jessica anawapempha kuti amusulire imodzi yongoonera, yosawomba, kuti aijambule mbali zonse.

Khamu la anthu olusa linatulukira kuseri kwa chigayo. Patsogolo panali Vincent, mwini golosale yomwe achifwamba anathyola dzana lake. Achifwambawo anawombera mlonda wake, Samueli, m'ntchafu, ndipo kunkamveka kuti chomwe anachotsa m'balalo kuchipatala chinali kachidutswa ka chitsulo, osati chipolopolo. Amayi opita kumjigo anali ataona a Isake akupala mfuti. Anthu sanafunenso umboni wina.

Mwala woyamba unaboola ndowa ya madzi. Wachiwiri unawapeza a Isake pamphumi, nagwa chagada pa makala. Anthu anawakokera panja atawagwira miyendo. Wina anawamenya ndi mpini m'nthiti, wina anawaponda dzanja mpaka zala zinalira. Mkuluyo ankangoti, "Ndine wa makasu ine, ana anga," magazi akutuluka m'kamwa. Denga la udzu linayamba kuyaka. Kenako panafika tayala ndi kachigubu ka petulo.

Jessica analowa pakati ndi mfuti ija m'manja. Anthu anabwerera m'mbuyo, ena anagona pansi. Njerwa yochokera kumbali inamung'amba pamwamba pa khutu, koma sanagwe. Anawauza kuti iye ndi mwana wa a Jailos a kuesiteti ya tiyi, kuti mfutiyo anaitanitsa ndi iyeyo, ndipo ntchito yake ndi ya zithunzi basi. Wina anakuwa kuti awotchedwe onse awiri.

"A Vincent, igwireni nokha," anatero Jessica. "Lowetsani bango m'paipimo. Likalowa lonse, tiwotcheni."

Vincent anathyola bango pampanda n'kulilowetsa. Linangolowa pang'ono ngati chala, n'kuima. Anakankha, bango linathyoka. Anasuzumiramo, anaigogoda pamwala, anaitembenuza uku ndi uku. M'kati monse munali chitsulo chokhachokha. Mfutiyo inadutsa m'manja mwa amuna asanu, aliyense akuyesa ndi waya kapena msomali, ndipo womaliza anangoiika pansi mwakachetechete.

Wa petulo uja anali atasowa kale. Ena anayamba kunena kuti iwo anangobwera kudzaonerera. Posakhalitsa panatsala utsi, tayala ndi a Isake akubuula m'fumbi.

Vincent anagwada n'kupepesa, misozi ili m'maso. Anawanyamula yekha kuwaika m'galimoto yake, Jessica atawagoneka mutu pamiyendo, ulendo wa kuchipatala ku Boma. Njira yonse mtsikanayo ankalira. Ankadziimba mlandu kuti masewera ake atsala pang'ono kuphetsa munthu wosalakwa, ndipo analumbira kuti akachira adzawamangira malo ena osulira, a malata.

Madzulo dzuwa lisanalowe, a Isake anali atawamanga nthiti ndi dzanja. Jessica anamusoka pamutu. Vincent atapita kukagula chakudya, iye analowa m'wodi ya abambo kukawaona. Bedi lomwe anawapatsa linayandikana ndi la Samueli, mlonda uja, yemwe anagona atatseka maso, mwendo uli m'mabandeji. A Isake nawonso ankasinza, sanamuone akulowa. Jessica anagwada kuseri kwa bedi lawo kuti alongedze nsapato ndi zovala zawo zamagazi m'jumbo.

Samueli anatsegula maso. Anayang'ana kukhomo, anayang'ana mabedi ena, n'kutembenukira kwa mkulu uja.

"A Isake, paja tinapangana kuti muwombera m'mwamba. Mwendo wangawu munaulasiranji?"

"Tsitsa mawu, iwe," ananong'ona a Isake. "Sindinachitire dala. Mfuti inzake ija imakhotetsa."