Mpando, Nthochi, Dzuwa

Kunja kunkawaza mvula pamene mkulu wina analowetsedwa kwa namwino ndi mwana wawo.

"Bambo akalephera mayesowa, asamukira kwanga. Sangakhalenso okha m'nyumba ija," anatero mwanayo.

"Agogo, sungani mawu atatu awa: mpando, nthochi, dzuwa. Ndikufunsani pakapita kanthawi," anatero namwino.

Mkuluyo anatsonya. Mawu omwewa ndiwo ankafunsidwa malemu akazi awo m'chipinda chomwechi, ulendo uliwonse, iwo atakhala pambali. Ngakhale khoma linali litawaloweza.

Namwino atafunsa, anawatchula onse osaphethira.

"Mutu wawo uli bwinobwino, asiyeni kwawo," anatero namwino.

"Sukulu yonse ija, mawu atatu basi?" mkuluyo anafunsa, akutola chipewa.

Atafika kunyumba, anathira tiyi m'makapu awiri, n'kukhala pakhonde kudikira akazi awo abwere kuchokera kumsika.