Asilikali Amene Anapentedwa Kawiri

Panali munthu wina, mphunzitsi wa masamu, ndipo amene wanditumizira nkhaniyi akuti ankaphunzitsa naye pasukulu imodzi.

Kuyambira ali anyamata, iye ndi mkulu wake ankakonda tizidole ta masewera a nkhondo, tating'ono ngati chala chachikulu: asilikali a mauta, okwera pa akavalo, zimphona za nkhwangwa, ndi chinjoka chimodzi cha mapiko. Tizidole totere timagulidwa tosapenta. Loweruka masana ankayala nyuzipepala patebulo lodyera. Mkulu ankapenta ndi kaburashi kosongoka ngati singano, mng'ono akupaka guluu pa timabwalo toimapo asilikaliwo n'kuwazapo mchenga wa pakhomo pa makolo awo. Penti ikauma, mabuku ankasanduka mapiri, makatoni n'kukhala malinga, madayisi n'kumagubuduka mpaka mayi awo atakalipa kuti akufuna tebulo lawo.

Anakula, mkulu anakhala telala, onse anakwatira, makolo anamwalira, nyumba ija inagulitsidwa, koma masewera awo sanawasiye. Kenako telala uja anadwala matenda opha ziwalo. Dzanja lamanja linafooka moti ngakhale supuni inkamupulumuka. Anaika asilikali onse m'bokosi la nsapato n'kupatsa mng'ono wake.

"Tenga, uzikasewera nawo. Kuno angodya fumbi."

Mphunzitsiyo anamva za sitolo ina yomwe anthu amakumanako kukasewera nkhondo za patebulozi, ndipo anapita ndi bokosi lake. Asilikali a anzake anali ophethira ngati amoyo. Ake anali a penti yokhuthala, yosuluka, ena okanduka m'zigongono chifukwa chogwiridwagwiridwa.

"Madala," anatero wina akuseka, "amenewa anapuma pantchito liti?"

Manyazi anamugwira. Pomwepo panafika bambo wina wandevu, amene sanamuonepo n'kale lonse.

"Musadandaule, aphunzitsi. Kupenta ndiye ntchito yanga. Ndikawaviika m'mankhwala, penti yakaleyi ichoka yonse, kenako ndiwapopera yatsopano. Adzawala kuposa onse muno."

Atafika kunyumba, mphunzitsiyo anafotokozera mkazi wake.

"Mwawafunsa alamu?" anatero mayiyo.

"Anandipatsa, ndi anga. Ndiponso ndikufuna ndiwadabwitse, asangalaleko."

"Anakupatsani kuti muzisewera nawo, osati mukawasambitse. Nanga wandevuyo amawadziwa alamu? Imbani kaye foni, sizitenga nthawi."

"Inu za penti mukudziwapo chiyani?"

Mayiyo anangoti, "Chabwino, bambo," n'kupitiriza kusita.

Mphunzitsiyo sanaimbe foni, anakangopereka asilikali aja. Mwina mukuganiza kuti wandevuyo anathawa nalo bokosi. Ayi ndithu, anabweza onse osasowa n'mmodzi yemwe, ndipo ntchito anaigwiradi. Malupanga ankanyezimira, maso a akavalo ngati akuyang'anadi. Mchenga anaupala n'kumatapo udzu wapulasitiki wogula. Kusitolo kuja aliyense anatulutsa foni kujambula, ngakhale uja amene anamuseka poyamba.

Mphunzitsiyo ananyamula bokosi ulendo kwa mkulu wake, chimwemwe chili chodzaza tsaya. Anamupeza atakhala pampando pafupi ndi zenera, ndipo anayala asilikali onse pa katebulo.

Telalayo anatola mmodzi ndi dzanja lamanzere, n'kumutembenuza.

"Okongola bwanji! Wagula kuti?"

"Ndi anu aja, achimwene. Ndinawapereka kwa katswiri."

Mkuluyo anakoka chinjoka chija.

"Ichi ndinachipenta nthawi imene mayi anagonekedwa kuchipatala. Mtundu wa mapikowa ndinasakaniza ndekha, iwe ukuti chikuoneka ngati tambala wonyowa. Ukukumbuka?"

"Ndikukumbuka."

"Penti yangayo ili pansi pa iyi?"

"Anachotsa yonse, achimwene."

"Nanga mchenga wa kwathu uja?"

Mphunzitsiyo anayang'ana pansi.

Telalayo sanakalipe. Anabweza chinjokacho pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Makina osokera ndinagulitsa. Masuti amene ndinasokera anthu anatha kalekale. Ndimati tsiku lomwe ndidzayambe kukayika ngati dzanja ili linagwirapo ntchito yabwino, ndidzakuuza ubwere nalo bokosili ndidzaone." Kenako anaitana mkazi wake: "Mayi, tamupangirani tiyi mlendoyu."

Mawu oti mlendo anamulasa mphunzitsiyo kuposa mbama. Ali panjira anaimbira wandevu uja.

"Bwana, kodi munawajambulako musanawaviike? Ngakhale chithunzi chimodzi chokha?"

"Ndijambulirenji, aphunzitsi? Ine ndimajambula ntchito yanga ikatha."

Mphunzitsiyo anasanthula mafoni akale, anafunsa abale onse. Zithunzi za maukwati zinalipo, za ana zinalipo, koma pa zaka zonsezo palibe amene anaganizapo zojambula asilikali aja. Ankangoti alipo, apita kuti.

Mkulu wake anamukhululukira, poti magazi ndi magazi. Amayenderanabe, amacheza za mpira ndi za ana. Koma tsiku lina mphunzitsiyo atayesa kuti, "Achimwene, tiponyeko madayisi?" mkuluyo anamwetulira n'kuyankha kuti, "Ndi asilikali a eni ake? Iyayi, tingawakande."

Phunziro: Safunsa anadya phula. Chinthu chikakalamba si ndiye kuti chaonongeka, ndipo mlendo amaona penti yosuluka pamene mwini wake akuona moyo wake wonse. Musanakonze, kupenta kapena kutaya chimene munthu anapanga ndi manja ake, mufunseni kaye akadali moyo, ndipo akunyumba akakuchenjezani, mverani. Musaisunge nokha nkhaniyi. Itumizeni kwa abale anu, makamaka amene akusunga zinthu za makolo ndi za akulu awo.