Nyamakazi ya a Fanizo

"Apo ayi, mayi. Tsikani pang'ono. Eya, pamenepo ndi pamene pamayaka moto."

Mervis anatsitsa chala chachikulu pa nyonga ya a Fanizo n'kukanikiza. Sanapeze kanthu. Mnofu unali wofewa, fupa linkayenda bwinobwino m'malo mwake. Nkhalamba yoti inakumba golide ku Joni, koma mfundo zake zinali zabwino kuposa za anyamata a kabaza amene ankalowa muno atapindika ngati zikwakwa.

Mervis ankatikita minofu m'kachipinda ka kuseri kwa msika wa pa Ntcheu Boma. Nyamakazi ankaidziwa ndi manja: bondo lotentha, zala zouma m'mawa, phewa lokana kukwera. Wabodza ankamudziwanso.

A Fanizo ankatsika kuchokera ku Tsangano Lachiwiri lililonse, jekete ili mbuu ndi fumbi. Matenda awo anali osamukasamuka. Sabata ino nyonga, sabata yamawa khosi. Mervis atawafunsa kuti khosilo linayamba bwanji, anayankha osaphethira n'komwe: "Kusenza ndowa."

Mngoni wa ndevu zoyera, kusenza ndowa! Munthu yemweyo tsiku lina anaona pawindo mwamuna akutsuka mbale kutsidya kwa msewu, n'kupukusa mutu. "Uyo anadya khuzumule," anatero. "Mwamuna weniweni ntchito za akazi sagwira."

Kubuula kwawo nakonso kunkachedwa. Mervis akakanikiza, iwo ankayamba aganiza kaye, kenako mwaulemu: "Mayo."

Chonyansa kwambiri chinali galasi. Asanagone pabedi ankalipendeketsa okha kuti aziona zonse, ndipo maso awo sankachoka pa manja a Mervis. Mafunso ndiye osatha. Mafutawo ndi anji? Thaulo litenthe bwanji? Nanga pakatupa mumakanikiza?

"Potupa ndi potentha sitikhudzapo, bambo. Pamenepo ndi pa achipatala."

"Chabwino. Tabwerezani paja, koma pang'onopang'ono."

Mervis sanali mwana. Ankadziwa chimene nkhalamba imafuna ikamati pang'onopang'ono, ndipo zinkamuwawa. Amayi ogulitsa mbatatesi pakhomo nawo anali atayamba kale kugwedezana. "Mervis, dzola mafuta, achimwene ako aja afika!"

Akanangoseka nawo, koma panali mayi Enelesi, eni ake nyumba, amenenso anali mtsogoleri wa amayi a Mvano. Iwo ananeneratu tsiku lopereka kiyi: "Mwana wanga, ntchito yogwiragwira amuna a eni iyi ine sindiimvetsa. Tsiku limene mkazi wa munthu adzalalate pakhomo panga, udzasenze bedi lakolo." Kachipinda kameneko ndi kamene kankadyetsa ana awiri a Mervis, ndipo pa Boma panalibe wina woti angamubwereke malo a ntchito yotere.

Ndiye Lachiwiri limeneli anali atatsimikiza mtima: akamaliza nyonga, awauze kuti asadzapondenso pano. Mawu anali atawakonza kale, aulemu koma otseka njira.

Sanafike nawo. Panja panamveka mawu a mayi wachikulire.

"Odi! Kwa a Mervis otikita anthu ndi kuno?"

A Fanizo anadzambatuka pabedi ngati mnyamata, nyonga yodwala ija osaikumbuka. Anayamba kumanga mabatani a malaya, lakumwamba pa bowo lapansi.

"Anangozo," ananong'ona, nkhope itagwa. "Akazi anga. Ndinawauza kuti asayerekeze kubwera kuno."

Mervis anatsegula chitseko poti kunalibe kothawira.

Amayi a mbatatesi anali atasiya kale milu yawo. Mayi Enelesi anaima pakhonde, manja m'chiuno, maso pa bedi ngati akuyeza ngati lingatuluke pakhomo osalimasula. Pakati pawo pankadutsa mayi wamng'ono thupi, wa duku lakuda, ali ndi ndodo yaikulu m'manja. Ankayenda pang'onopang'ono, phazi limodzi, kenako linzake. Aliyense ankangoyang'ana ndodoyo.

Anangozo anakwera sitepe, n'kuima kuti apume. Anayang'ana amuna awo, mabatani osokonekera aja, bedi, botolo la mafuta, galasi lopendekeka. Kenako anamuyang'ana Mervis kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinuyo?"

"Ndine, mayi. Koma ndikulumbira, ine ndi bambowa..."

"Bweretsani manja."

Mervis anawapereka. Anangozo anatsamiritsa ndodo kukhoma, n'kuwagwira manjawo, kuwatembenuza uku ndi uku ngati akusankha tomato.

"Chigwereni ndi ndowa chaka chatha, ine ndinali wapamphasa, ngakhale pa minibasi sindikanakhala. Lero ndatsika ndekha," anatero. "Nyonga mwawaphunzitsa bwino bambo anuwa, amanditikita madzulo alionse atatseka chitseko. Koma khosi muwabwerezere. Amakanikiza ngati akuboola mwala ku Joni."

A Fanizo anayang'ana kudenga.