Laisensi ya Bu Darmi

Kompyuta inawatulutsanso Bu Darmi mu pulogalamu ali pakati polemba oda ya matayala. Pa sikirini panabwera mawu omwe aja: malo adzaza, fayilo yogawana siikutseguka. Anakweza maso. Ningrum, mtsikana wa pa desiki yoyandikana nayo, anali atangokhala pansi kuchokera kokapemphera.

Zinayamba mwezi wosala kudya. Sitolo ya abwana awo, Pak Suwondo, mumzinda wa Semarang (kumeneko mayi amati Bu, bambo amati Pak), yogulitsa zipangizo za njinga zamoto, inali ndi pulogalamu imodzi ya maoda, kompyuta iliyonse n'kumalowamo ndi laisensi yakeyake. Ningrum akatuluka, ya Bu Darmi inkayenda bwinobwino. Akangobwerera, basi yatseka. Apa panalibe chofunsira: kamtsikana kobwera dzana kawabera laisensi amayi amene akalambira m'sitolomo, kuti maoda aziwachedwera, abwana aziti atha ntchito.

Ndipo kankadziwa kunyengezera. Kokapemphera kankakhalitsa, kokadya kankapita ngati kasamuka, pobwera n'kumamwetulira. "Mwamaliza, Bu? Kapena ndikakugulireni kaye tiyi?"

"Tiyi wakoyo umwe wekha, mwanawe."

Bu Darmi anadana nako kwabasi, koma sanakalipe. Kukalipa n'kwa ana. Iwo ankafuna katuluke ndi manyazi, aliyense akuona. Anaitana okha katswiri wa makompyuta, n'kusankha tsiku limene Pak Suwondo amakhala m'sitolo.

Katswiriyo anagwiragwira mawaya, anatsegula foda yogawana, n'kuyendera kompyuta iliyonse. Ningrum anasendera pafupi n'kunong'ona, "Bu, chonde, muuzeni asiye."

"Wayamba kale kunjenjemera? Khala pansi uonere."

"Netiweki ilibe vuto, Pak," anatero katswiri uja. "Koma makompyuta awiriwa akulimbirana laisensi imodzi. Wina anachita kuilowetsa dala kawiri."

"Wina wake ndani? Si uyu apa," anatero Bu Darmi, akuloza Ningrum ndi chala, chinthu chimene anali asanachitepo pamaso pa abwana. "Akane ngati ndikunama."

Ningrum anangozolika. "Ndine, Pak."

Pak Suwondo sachotsa munthu ntchito ndi pakamwa. Anakonza kolala, n'kunena motsitsa mawu, "Ukapume kaye kunyumba, Ningrum. Tidzakuitana." M'sitolomo aliyense ankadziwa kuti woitanidwa choncho sabwerera.

Mtsikanayo anatola chikwama chake n'kutuluka osacheuka. Bu Darmi anamuperekeza ndi maso mpaka pamsewu, mtima uli m'malo. Kenaka anakokera mpando pafupi. "Ndiye ndibwezereni laisensi yanga, bambo, maoda akundidikira."

Katswiri anakanda m'mutu, n'kuyang'ana abwana. "Yanu iti, Bu? Imene mwakhala mukulowera ndi ya mtsikana uja, anachita kukuikirani pa kompyuta yanuyi."

"Yanu ndinaiimitsa ine mwezi wosala kudya uja," anatero Pak Suwondo, maso ali pansi. "Ndimati mudzamva nokha, musiye ntchito mwaulemu. Ndimadabwatu kuti mukugwirabe ntchito bwanji."